Bandulo ya Alonda

Loweruka pa Chitakale, chiperoni chikuwaza,
ndinaima pansi pa ambulera yofiira
ya mnyamata wogulitsa mayunitsi,
foni ya bambo ili m'manja,
yomanga ndi mphira, manambala atafufutika.

Ndinati, achimwene, ndikufuna bandulo yotchipa.
Anati, yotchipa ya ndani?
Ndinati, ya mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri,
wopanda nazo ntchito za intaneti,
amene moni wake wokha umadya mphindi zinayi:
mwadzuka bwanji, nanga ana, nanga mwendo uja,
nanga eni nyumba anakonza denga?
Nkhani yeniyeni isanafike pamlomo
mayi wa m'foni uja walowerera kale
kuti ndalama zanu zatha.

Mnyamatayo, Fanuelo, anayamba kutchula ngati akulalikira.
Ya tsiku imafa tsiku lomwelo.
Ya sabata ikudyerani sopo ndi mchere.
Ya mwezi, anti, musafunse n'komwe.

Ndinaoloka msewu kupita ku ambulera yobiriwira.
Kumeneko mtengo unatsikako pang'ono,
koma netiweki yawo kwathu kuseri kwa phiri
imagwira pachulu chimodzi chokha
m'munda mwa a Namakhwa,
ndipo a Namakhwa sitipatsana nawo moni
chiyambire mlandu wa malire.

Ndinawerengera pachikhatho ndi bolopeni:
malipiro anga a ku Limbe, kuchotsa lendi,
kuchotsa fizi ya Ndaziona,
kuchotsa ya minibasi yobwererera.
Chotsala sichikanagula ngakhale nanazi wa pamsewu.

Ndikumanga chikwama, Fanuelo anandikodola.
Ilipo ina, anti, koma anthu saigula.
Ya usiku. Imayamba thwelofu koloko
n'kutha tambala wachiwiri akalira.
Mtengo wa mandasi awiri.
Nanga ndani angadzukire kucheza nthawi ya afiti?

Ndinaseka mpaka a kabaza anacheuka.

Bambo analondera fakitale ya tiyi zaka makumi atatu,
jasi, chibonga ndi kambaula.
Popuma anawapatsa malata khumi ndi njinga
koma tulo sanawabwezere.
Mpaka lero amachezera pakhonde
kulondera mbuzi ziwiri ndi mdima.

Ndinawalembera pachikatoni cha sopo, zilembo zikuluzikulu:
kanyenyezi, manambala atatu, kenako kampanda.
Anayesa kawiri, kachitatu zinatheka.
Anati, basi? Ndinati, basi.
Chikatonicho anachisomeka kudenga
pomwe amasunga khadi la kuchipatala.

Tsopano ku Bangwe, thu koloko ya usiku,
foni imanjenjemera pansi pa pilo.
Moni amamaliza yense, wopanda womudula.
Kenako lipoti, ngati kwa kapitawo:
mphepo yatsika m'phiri,
mbuzi yaikazi ikutsokomola,
mwana wa a Mulekano wabwera ku Joni ndi wailesi yokha,
Likhubula wadzaza, akumveka mpaka pakhonde,
kupatula apo kuno kuli bata.
Ine ndimangoti eee, eee, maso ali chitsekere,
m'mawa n'kumasinza pa mashini osokera
mpaka abwana kundifunsa ngati ndili ndi maliro.

Zotchipa zili ndi mtengo wake,
wangawu ndimalipira ndi tulo.

Lachitatu lapitali foni sinalire.
Ndinagona chagada kuwerenga malata.
Thu koloko. Fili koloko. Agalu a kwa aneba.
Ndinaimba, mayi uja anati nambalayi sikupezeka.
Ndinaimbanso. Ndinavala nsapato
osadziwa kuti ndikupita kuti.

Kutacha, mawu anabwera pa foni ya mphunzitsi:
batire linatha, mitambo inabisa dzuwa masiku atatu,
sola ya pagolosale sinagwire.
Akuti musadandaule, mbuzi yachira.

Usiku wotsatira inalira nthawi yake.
Ndinali nditakhala kale tsonga pamkeka,
tiyi ali m'kapu, chitenje paphewa.
Anati, simunagone?
Ndinati, ndili pa ntchito, bambo.
Yambani moni.